Sadaka ya Farida

Mwana anali atangoyamba kumeza mkaka wa m'kapu pamene Che Bakali anaodira pakhomo. Abiba sanadzuke. Anangowauza kuti alowe, maso ali pakamwa pa khandalo, chifukwa anamwino anali atamuchenjeza kuti akapendeketsa kapu mopitirira mwanayo atsamwa. Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi chimwalirireni mng'ono wake Farida, mayi wa khandalo, ndipo fungo la lubani wa pamaliro linali lisanatuluke m'nyumba.

Che Bakali anali mlongo wa malemu mayi awo, mwini mbumba. Anakhala pampando wapulasitiki, anakonzakonza mzuli pamutu ngati ukufuna kugwa, kenaka anayamba nkhani imene anadzera. Mustapha, mwamuna wa Farida, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Joni. Anagona masiku atatu m'basi, ndipo popeza maliro anawapeza ataikidwa kale, anakonza zoti mawa achite sadaka kwawo ku Lungwena. Anagula mbuzi ziwiri ndi matumba a mpunga, n'kubwereka tenti ndi chimkuzamawu. Ankafuna kuti akuchikazi onse a kwa Mponda akapezekeko. Ankafunanso kuti Abiba apite naye mwanayo, iye amuone, amutche dzina.

"Mwana sapita, amjomba," anatero Abiba. "Ine ndipita."

Che Bakali anayamba kumunyengerera. Anati madzi akatayika sawoleka, imfa ndi ya Mulungu, ndipo tsiku la munthu likakwana amapita ndithu ngakhale atazunguliridwa ndi madokotala khumi. Anati Mustapha ndi mkamwini wodziwa ulemu, ndipo si bwino kumuwonjezera minga munthu amene akulira kale. Abiba anamvetsera zonsezo akupukuta mkaka pachibwano cha mwana ndi nsonga ya chitenje. Wotchi imene inali pamkono pa amjomba ake, ndi nsapato zimene anavula pakhomo, zonse zinachokera ku Joni m'chikwama cha Mustapha. Iye anaziona koma sanazitchule. Anangofunsa kuti chimkuzamawucho n'chachikulu bwanji, ndipo Che Bakali, posadziwa kumene funsolo linkalowera, anati chimamveka mpaka kugombe.

Abiba ndi Farida anasiyana zaka zisanu ndi zinayi. Mayi awo atamwalira, Abiba ndiye analera mng'ono wakeyo ndi usipa umene ankagulitsa mumsika wa pa boma. Anali anthu osiyana ngati sanayamwe bere limodzi. Abiba anali wa mawu okwera, ukwati anauyesa kamodzi n'kuusiya. Farida anali wofatsa, wosekera pansi, munthu woti ukamuponda chala iye ndiye amayamba kupepesa. Mustapha atamanga nyumba yamalata kwa mayi ake n'kupempha kuti mkazi akakhale kumeneko, Abiba anakana, koma Che Bakali anavomera, ndipo Farida anapita.

Ana awiri oyamba, Asiyatu ndi Lukiya, onse anabadwa ndi mpeni. Pa mimba yachitatuyi akuchipatala anamuuza mosapsatira kuti chiberekero chake chili ndi zipsera ziwiri, matenda asadzayerekeze kumuyambira kunyumba. Mwezi wachisanu ndi chitatu ukatha anayenera kukakhala kuchidikiro cha chipatala cha pa boma mpaka tsiku la opaleshoni. Farida anamva, ndipo anawonjezapo chake. Tsiku lina akuchokera kusikelo anadzera kumsika, anakhala pathumba pafupi ndi mkulu wake, n'kumuuza kuti wapempha adokotala kuti akamadzamung'amba adzatsekeretu.

"Thupili lang'ambidwa kawiri, achemwali. Kachitatu kakhale kotsiriza. Akhale wamkazi, akhale wamwamuna, ine ndakwana."

Abiba anadabwa kumva mawu otere akuchokera m'kamwa mwa Farida. Anamulangiza kuti asamuuze mwamuna wake, yemwe ankafuna mwana wamwamuna moti nkhani yake inali yomweyo pa foni iliyonse. Farida anaseka, nati chinthu chachikulu chotere sangachite mobisa ngati akuba mbuzi ya mwini. Anamuuzadi.

Lachitatu limene Farida anamwalira, Abiba anali ku Makanjira kogula usipa. Foni ya anamwino inamupeza akumanga matumba. Pofika kuchipatala anapeza mng'ono wake ataphimbidwa kale kumaso. Chiberekero chinaphulika, mwana anamutulutsa wamoyo, wamwamuna, koma magazi anakana kusiya. Pakhonde panali patakhala Abiti Sumani, mayi wa Mustapha, akulira ndi kuuza aliyense wofika kuti matenda anangoyamba mwadzidzidzi, ndipo iwo anathamanga okha kukaitana galimoto mpaka pakhomo. Abiba anawakhulupirira, anawagwiranso dzanja. Koma m'mawa mwake, posambitsa mtembo pamodzi ndi amayi anzake, anaona kuti mapazi a Farida anali ong'ambikang'ambika kunsi, minga iwiri ikadali m'chidendene. Munthu wonyamulidwa pakhomo ndi galimoto sakhala ndi mapazi otere.

Amuna atanyamula jeneza kupita kumanda, Abiba analowa kuchipinda n'kutsegula foni yake. Munali mauthenga atatu a mawu ochokera kwa Farida, wa Lolemba, wa Lachiwiri ndi wa Lachitatu. Anali atawaona uliwonse ukulowa, koma Farida ankakonda kutumiza mauthenga ataliatali onena za dzino la Lukiya ndi nkhuku zake, choncho Abiba ankangoti ndimvera ndikapuma. Anawamvera tsopano, ali chiimire, chitseko chili chotseka. Sanalire. Anawamveranso kachiwiri, kenaka anawatumiza ku foni ya mnansi wake, Mayi Dora, kuti ngakhale yake itagwera m'madzi asatayike. Sanauze munthu wina aliyense zimene anamva. Ankadikira kuti Mustapha afike, ndipo tsiku lililonse limene basi inkachedwa mkwiyo wake unkangotukusira ngati chithupsa chosaphulika.

M'mawa wa tsiku la sadaka anasiya mwana kwa Mayi Dora, anatchaja foni mpaka kudzaza, n'kuiika m'kamisolo. Anakwera matola pamodzi ndi Che Bakali ndi amayi asanu ndi mmodzi a kwa Mponda. Anawoloka mlatho wa Shire dzuwa lisanawawe.

Ku Lungwena anapeza anthu atadzaza. Amuna anakhala mutenti kutsogolo kwa nyumba yamalata ija, amayi kuseri kumene ankaphika mpunga ndi nyama. Abiti Sumani anawachingamira akulira, anamukumbatira Abiba, n'kusuzumira kumsana kwake. Ataona kuti kulibe mwana anafunsa, ndipo Abiba anangoti wamusiya, fumbi la m'njira silimuyenera. Asiyatu ndi Lukiya anathamanga n'kumugwira miyendo. Tsitsi lawo linali lisanaone chipeso chimwalirireni mayi awo.

Pakhomopo panalinso mtengwa wina, Nadia, mkazi wa mng'ono wake wa Mustapha. Mwamuna wakeyo nayenso anali ku Joni. Nadia anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mimba yake yoyamba ili pafupi, miyendo itatupa. Abiba anamupeza kuseri kwa bafa akutsuka mbale ali chogwada chifukwa kuwerama kunkamukanika. Anamupempha kuti alongedze zovala za ana awiri aja m'jumbo, aike kuseri kwa chitseko, asauze munthu. Nadia sanafunse chifukwa chake. Anapukuta manja, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti iye anaona zonse: botolo la mankhwala limene apongozi anatsanulira m'phala, ndi mmene Farida anatulukira yekha pakhomo atagwira mimba ndi manja onse awiri. Anati woyendetsa matola wina ndiye anamutola m'mbali mwa msewu, apongozi anachita kutsatira pambuyo. Iye ankafuna kumuperekeza, koma apongozi atamukalipira anachita mantha n'kubwerera. Abiba anamuuza kuti asadzivute, lero sipafunika mboni.

Mustapha anabwera yekha kuseri kudzapereka moni. Anali atawonda, maso ali psuu, milomo itauma. Abiba anaona kuti kulira kwake sikunali kwachiphamaso. Munthuyo ankamukondadi Farida mwa njira yake. Zimenezo sizinamufewetse mtima. Zinangomuonetsa polasa.

"Alamu, mwana wanga ali bwanji? Wafanana ndi ndani?"

"Ali bwino. Za kufanana tikamba duwa ikatha."

Shehe anawerenga pemphero la duwa, amuna anayankha, amayi kuseri atatambasula manja pamiyendo. Duwa itatha Mustapha anapatsidwa maiki. Anathokoza onse amene anaika maliro iye ali panjira. Anati Farida anali mkazi womvera, sanamuyankhepo mwano ngakhale tsiku limodzi, ndipo Mulungu watenga chake. Anathokozanso mayi ake chifukwa chothamanga naye kuchipatala. Mawu ake anamvekadi mudzi wonse. Atatha anaitana Che Bakali kuti ayankhule m'malo mwa akuchikazi.

Abiba anadzuka pamkeka. Anakonza mpango wake bwinobwino, anazungulira nyumba, n'kulowa mutenti pakati pa amuna, pamene mkazi safikapo pamwambo wotere. Anthu anapinda miyendo kumupatsa njira asanaganize n'komwe. Che Bakali anali atangotsokomola kuti ayambe pamene Abiba anagwada n'kuwalanda maiki mwaulemu, ndi manja awiri.

"Pepani, amjomba. Tonse tayankhula za Farida. Lekani mwini wake ayankhuleko."

Anatulutsa foni n'kuiyandikiza ku maiki. Mawu a Farida anatuluka pachimkuzamawu ali bwinobwino, tambala akulira kumbuyo kwake.

"Achemwali, mwaswera bwanji. Ine tsiku lopita kuchidikiro linakwana dzana. Chikwama ndinalongedza kale, koma amayi achitenga, achitsekera kuchipinda kwawo pamodzi ndi nsapato zanga. Akuti ndidikire mawu a bambo ake a Asiyatu. Mukamva uthengawu mundiimbire, mwina inu angakumvereni."

Amayi kuseri anasiya zipande m'miphika n'kuyamba kutulukira pakona pa nyumba mmodzimmodzi. Lukiya, wa zaka zitatu, anapulumuka m'manja mwa munthu, anathamangira ku chimkuzamawu n'kukasuzumira kuseri kwake, akufunafuna mayi ake. Abiba anamuona. Komabe anadina uthenga wachiwiri.

Umenewu sunali wa Farida. Unali umene Mustapha anatumizira mkazi wake, Farida n'kuupatsira kwa mkulu wake popanda kuwonjezapo liwu.

"Farida, mvetsetsa. Za kuchidikirozo ndazidziwa, ukufuna ukatseke ine ndisanaone mwana wamwamuna. Mkazi wanga sakagona pakhonde la chipatala ngati alibe kwawo. Amayi anabereka asanu ndi atatu m'nyumba momwemo, alibe chipsera ndi chimodzi chomwe. Mpeni ndi wa akazi aulesi. Ukangotuluka pakhomopo popanda mawu anga, talaka ikupeza panjira, ukwati uthera pomwepo."

Amalume ake a Mustapha anadzuka kuti akazule waya, koma shehe anatukula dzanja osawayang'ana n'komwe, ndipo anakhalanso pansi. Mustapha anali chiimire pamene anasiyira kuyankhula, kukamwa kuli yasa, akumva mawu ake omwe akuyenda pamwamba pa madenga a anansi ake.

Uthenga wachitatu unayamba ndi kupuma kwa befu ndi mapazi okwakwaza mumchenga.

"Achemwali, phala la m'mawa linali lowawa. Ndafunsa, amayi avomera kuti anathiramo mwanamphepo, akuti ndichire msanga ndisanaganize zothawa. M'mimba mwanga mukung'ambika. Ndatuluka. Ndikupita kumsewu ndekha, talakayo indipeze. Ana anga, achemwali. Asiyatu amaopa kunena akamva njala, muzichita kumufunsa."

Kupumako kunapitirira pang'ono, kenaka uthenga unatha. Panalibe mayi pamenepo amene sankaudziwa mwanamphepo, mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda, ndipo panalibe amene sankadziwa zimene angachite pamimba yosokedwa kawiri.

Abiti Sumani anatulukira pakati pa amayi, mpango utagwera m'khosi. Anati iwonso anamwa womwewo, ana awo onse anabereka nawo, ndipo ankangofuna kuti mwana wa eni achire msanga asakamudulenso. Anati ankamukonda ngati wobala okha. Mustapha anatembenuka pang'onopang'ono.

"Amayi, ine ndinati mumuletse kupita. Sindinati mumumwetse."

"Unati ndichite chilichonse, mwana wanga. Unati chilichonse, bola asakatseke."

"Ndiye munandiuziranji kuti matenda anayamba okha?"

Abiba anatambasula dzanja limene linali ndi maiki, n'kuilozetsa kwa iwo kuti liwu lililonse lifike kugombe. Anaima choncho mayi ndi mwana akuponyerana mtembo wa mng'ono wake pamaso pa anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Farida anamva mpweya ukulowa mpaka pansi pa chifuwa. Kunali kukoma, ndipo sanachite nako manyazi.

Mwadzidzidzi Mustapha anasiya mayi ake n'kumuyang'ana iye.

"Alamu, mauthenga amenewa anayamba kubwera Lolemba. Inu munawamva liti?"

Funsolo Abiba anali akudzifunsa yekha masiku onsewa, pomwetsa mwana, pochapa matewera. Akanatha kunamizira netiweki ya ku Makanjira ndipo palibe akanamutsutsa. Anabweretsa maiki pakamwa pake.

"Ndinawamva ali m'sanda. Ndinawaona akulowa, ndinati ndimvera ndikapuma. Limenelo ndi langa, ndifa nalo. Koma ine sindinabise nsapato za munthu wodwala, ndipo sindinaime pano kumutcha womvera nditamuopseza ndi talaka."

Anagwadanso n'kubwezera maiki kwa Che Bakali, nawauza kuti tsopano ayankhule, mbumba ndi yawo. Maso onse anapita pa iwo. Munthu wamkuluyo anayang'ana Mustapha, anayang'ana shehe, anayang'ana pansi, kenaka anakweza maiki. Anati Farida anamupereka ku Lungwena mobwereketsa, ali wamoyo ndi wathanzi, ndipo iwo eni ndi amene anavomera pamene ena ankakana. Popeza wabwerera atakulungidwa, ana ake atatu akhala kwa Mponda kumene kuli mtundu wawo. Palibe anatsutsa. Kuno mwana ndi wakuchikazi, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

Abiba anatenga Lukiya n'kumubereka, anagwira dzanja la Asiyatu, ndipo mayi wina wa kwa Mponda anatulutsa jumbo ija kuseri kwa chitseko. Mustapha anawatsatira mpaka pampanda. Pamenepo anagwada pafumbi, thalauza lake la ku Joni lili choncho, n'kupempha kuti amulole angomuona mwanayo kamodzi, amuwerengere pemphero m'khutu monga bambo, amupatse dzina limene analisunga zaka zisanu ndi ziwiri.

"M'khutu anamuwerengera kale amjomba," anatero Abiba. "Dzina lake ndi Amidu, dzina la bambo athu. Wafanana ndi inu, mphuno ndi makutu omwe. Mukafuna kumuona mudzabwera kwa Mponda, mudzaodira, ndipo mudzadikira panja mpaka ine nditalola. Mwina lero, mwina mawa, mwina ayi. Mulawe nanunso mmene kumakomera kudikira mawu a munthu wina."

Pasadaka munthu sachoka asanadye. Kutero n'kutukwana mwini nyumba. Amayi a kwa Mponda anatuluka osasamba n'komwe m'manja. Pambuyo pawo anadzuka amayi ena a pamudzi pomwepo, anakutumula zitenje zawo n'kumapita kwawo, ndipo amuna ena ataona akazi awo akupita anayamba kufunafuna nsapato. Mbuzi ziwiri zija zinatsala m'miphika.

Kuchokera pakhomo kukafika kumsewu panali mtunda ndithu, njira ya mchenga yodutsa m'minda ya chinangwa. Dzuwa linali pamutu, mchenga ukutentha mpaka m'kati mwa nsapato. Abiba ankayang'ana mtengo uliwonse wa m'mbali, akudzifunsa kuti Farida anatsamira uti. Lukiya kumsana anafunsa ngati amayi atsala m'bokosi loyankhula lija, anafunsanso kachiwiri, ndipo Abiba anangomukonza bwino kumsana n'kupitiriza kuyenda. Kukoma kuja kunali kutatha kale. Ankayembekeza kuti pofika pano mtima ukhala utatsika, koma unkafunabe zina. Mlandu suwola. Anayamba kuganiza za mayi amene anagulitsa botolo lija, yemwe dzina lake anali asanalidziwe, ndi za apolisi, ngati angamvere nkhani ya phala.

Kumbuyo kunamveka mawu a Abiti Sumani akuitana munthu, mawu osasa, obwerezabwereza. Abiba anacheuka. Nadia ankabwera m'njira yomweyo, kamtolo kali pamutu, beseni lili m'khwapa, akuyenda motagaza ngati bakha. Apongozi ake anali ataima pampanda akumuuza kuti abwerere, mwamuna wake sanalole, aimbira foni pompano. Nadia sanacheuke. Abiba anaima kumudikira, ndipo mumtima anati zakhala bwino, nyumba imeneyi itsale ndi malata okhaokha.

Matola atabwera, amayi anamukweza Nadia n'kumukhazika pathumba la chimanga chafupi ndi kutsogolo, kumene sikududa kwambiri. Abiba anakhala pambali pake, ana ali pamiyendo. Galimoto itanyamuka anamuuza kuti wachita bwino kumva zimene zanenedwa lero, ndipo akafuna akagona kwa Mponda, mawa amuperekeza kuchidikiro.

Nadia anapukusa mutu. Anati si za lero ayi, ulendowu unalipo kale. Kusikelo anamuuza kuti mwana wagona chopingasa, nayenso ayenera kukadikirira ku boma, koma iye sukulu analekezera sitandade wani ndipo tsiku limene anamwino analemba sankatha kuliwerenga. Anapisa dzanja m'bulauzi n'kutulutsa buku lake la sikelo, lokutidwa ndi pepala la shuga. Anatsegula chikuto chakumapeto.

M'kati mwa chikutocho munali timizere khumi ndi tiwiri tolembedwa ndi bolopeni, toima pamzere umodzi. Tisanu ndi kamodzi tinali tokhwatchidwa kale. Kumapeto kwake kunali kojambulidwa kagalimoto ka matayala osalingana, ndi kamunthu ka mimba yaikulu kakukweza dzanja kukaimitsa. Timizere tonse tinali topendekera kumbuyo, mmene amalembera munthu wamanzere. Abiba anatiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja limenelo linali la Farida, ndipo analiphunzitsa ndi iye kugwira pensulo, atalephera kulisinthira kumanja.

"Anakujambulira liti?"

"Lachiwiri lija, atangomva uthenga wa alamu. Analira pang'ono, kenaka anati bweretsa buku lako. Anati m'mawa uliwonse ndizikhwatcha kamodzi, ndipo tikatha ndisagwadire munthu, ndingonyamuka. Iwo a Farida ankati anyamuka Lachinayi, apongozi akapita kumsika." Nadia anasalaza pepalalo ndi chikhato. "Timizere tatsala, koma ndaona kuti ndisatidikire."

Galimoto inatsika m'dzenje n'kukweranso. Asiyatu anasendera pafupi kuti aone kagalimoto kaja, n'kukagwira ndi chala. Nadia anati m'mawa ndi mapikupiku a sadaka anaiwala za lero. Anapempha bolopeni imene inali m'thumba la malaya a Che Bakali, anaika buku pamimba pake, anadikira kuti msewu usalale, n'kukhwatcha kamzere ka tsikulo mosamala, osakhudza kotsatira.